Mawotchi odula a amayi oyenda popanda batire: angatithandize kuwerenga kapumidwe ka mwana?

Mu Januwale 2025, kampani ya Bulgari ya ku Italy, yomwe imapanga ndolo, mikanda ndi mawotchi odula, idaonetsa makina atsopano a wotchi ya amayi otchedwa Lady Solotempo BVS100. Makinawo ndi a mamilimita 19 m'mimba mwake, ochindikala mamilimita 3.9, olemera magalamu 5, ndipo muli tizidutswa 102. Safuna batire. Mphamvu amaitenga ku dzanja la mwini wotchiyo akamayenda kapena kugwira ntchito, ndipo iye akaivula, imapitiriza kuyenda kwa maola 50.

Nkhaniyi idamveka kwambiri ku Switzerland, komwe makinawo amapangidwa, chifukwa kwa zaka zambiri makampani akhala akuika makina a batire m'mawotchi ang'onoang'ono a amayi, pomwe makina a sipuling'i ndi magiya ankaikidwa kwambiri m'mawotchi akuluakulu a abambo. Tsopano makampaniwa akupikisana kuti makina ovutawo akwane pamkono waung'ono, ndipo wotchi imodzi yotere ikugulidwa madola a ku America masauzande angapo.

Ambiri mwa ife sitidzaigula. Koma wotchi ndi chida cha zaumoyo monga momwe chilili choyezera kutentha kwa thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 chibayo chidapha ana 740,180 osakwana zaka zisanu, ndipo chizindikiro chomwe mlangizi wa zaumoyo amadalira kwambiri pozindikira chibayo kumudzi ndi kupuma mothamanga, komwe amakupeza poyang'ana mwana ndi wotchi. Choncho n'koyenera kudziwa chomwe chimayendetsa wotchi, chomwe chimaikweza mtengo, ndi chomwe mwana wodwala akufuna kwa iyo.

Zomwe zili m'kati

Wotchi yopanda batire ili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi sipuling'i yaitali yopyapyala ngati lamba, yokulungidwa m'kachitini kozungulira. Ikakulungidwa mothina imafuna kumasuka, ndipo kumasukako ndiye mphamvu yonse ya wotchiyo.

Chachiwiri ndi magiya, mawilo a mano olumana omwe amalandira mphamvuyo n'kuipereka ku mivi. Mano ake adawerengedwa mwakuti wilo lina limazungulira kamodzi pa ola, lina kamodzi pa mphindi.

Popanda choletsa, sipuling'i ikanamasuka nthawi imodzi, mivi n'kuzungulira ngati pepelu. Chigawo chachitatu ndicho chimaletsa zimenezi. Muli kawilo kamene sikazungulira n'kumaliza, koma kamapita uku n'kubwerera uko, ndipo pakati pake pali kasipuling'i kowonda ngati tsitsi, kamene opanga mawotchi amakatcha hairspring. Pambali pake pali kafoloko ka mano awiri komwe kamagwira wilo lomaliza la magiya. Kawilo kaja kakadutsa, kamagunda kafoloko, kafoloko n'kulola dzino limodzi kuti lidutse, ndipo dzinolo podutsa limakankha kawilo kuti kasaime. Akuluakulu adati katungwe n'kukankhana, ndipo m'wotchi ndi momwemo. Kaphokoso kamene mumamva mukaika wotchi kukhutu ndi kukankhanako.

Makina ambiri amagunda ka 28,800 pa ola, kutanthauza ka 8 pa sekondi, kapena ka 691,200 pa tsiku. Ena amagunda ka 21,600 pa ola, ka 6 pa sekondi. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, choncho kawilo aka kamagwira ntchito kuposa mtima maulendo asanu kapena asanu ndi awiri. Kuti tizitsulo tisaperepeseke, pomwe tikuzungulira amaikapo timiyala tofiira tolimba ta ruby. Mukaona wotchi italembedwa kuti ili ndi miyala 21, musaganize kuti mwatola chuma: miyalayo ndi yopangidwa m'fakitale, mwa njira yomwe Auguste Verneuil wa ku France adalengeza mu 1902.

Chigawo chachinayi ndicho chimachititsa kuti wotchi izidzikulunga yokha. Kumbuyo kwa makina kuli chitsulo cholemera chooneka ngati theka la mwezi, chotchedwa rotor, chomangidwa pakati kuti chizizungulira momasuka. Dzanja likatembenuka, chitsulocho chimagwera pansi chifukwa cha kulemera, ndipo pogwapo chimakoka magiya ena omwe amakulunga sipuling'i. John Harwood wa ku Britain adapanga wotchi yapamkono yodzikulunga yokha m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1931 kampani ya Rolex idatulutsa rotor yozungulira mbali zonse, yomwe ikugwiritsidwabe ntchito mpaka lero.

Chovuta pochepetsa makina

Wina angaganize kuti kupanga wotchi ya amayi n'kungotenga ya abambo n'kuchepetsa chilichonse. Sizitheka choncho, ndipo aliyense amene adatungapo madzi pamjigo akudziwa chifukwa chake. Mpini wa mjigo ndi wautali dala, ndipo ukaugwirira pafupi ndi mutu wake umalemera. Mphamvu yozungulitsa chinthu imadalira kulemera ndi kutalika kwa mpini.

Tiyerekeze kuti tachepetsa makina ndi theka mbali zonse, m'litali, m'lifupi ndi m'kuchindikala. Rotor imapepuka maulendo 8, ndipo mpini wake umafupika ndi theka, choncho mphamvu yake yokulungira sipuling'i imatsika maulendo 16. Sipuling'i imasunga mphamvu yochepera maulendo 8. Kawilo kopita uku ndi uko kamataya kukhazikika kwake maulendo 32, ndipo kakapepuka chotero, kugunda dzanja pachitseko kapena kadontho ka mafuta ouma kamakasokoneza msanga. Pomwepo fumbi silichepa nawo, ndipo kulakwitsa pang'ono posema dzino la giya kumakhala kulakwitsa kwakukulu chifukwa dzinolo ndi laling'ono.

Opanga mawotchi amalimbana ndi zimenezi m'njira zingapo. Rotor amaipanga ndi zitsulo zolemera kwambiri monga tungsten, golide kapena platinum, ndipo kulemerako amakukankhira m'mphepete kuti mpini utalike. Ena amachepetsa liwiro la kugunda kuti mphamvu isathe msanga. Ena asintha chopangira hairspring: mu 2014 Rolex idatulutsa makina a nambala 2236 a mawotchi ang'onoang'ono, okhala ndi hairspring ya silicon m'malo mwa chitsulo, ndipo amayenda maola pafupifupi 55 wotchi itavulidwa.

Silicon adaisankha chifukwa cha maginito. Hairspring yachitsulo ikayandikira maginito, monga a sipika, a chotsekera chikwama cha m'manja kapena a chikuto cha foni, mizere yake imamatana, imafupika, ndipo wotchi imayamba kutsogola ndi mphindi zingapo pa tsiku. Silicon simva maginito. Ntchito yonseyi, pamodzi ndi golide, diamondi ndi dzina la kampani, ndi yomwe wogula amalipira.

Mpikisano wochepetsa makinawu si wa lero, chifukwa wotchi yapamkono idayamba ndi amayi, abambo akadali kuika yawo m'thumba. Mu 1810 Abraham-Louis Breguet adalandira oda yopangira Caroline Murat, mfumukazi ya ku Naples, wotchi yovala pamkono. Mu 1929 kampani ya Jaeger-LeCoultre idapanga makina otchedwa Calibre 101, olemera pafupifupi galamu imodzi, okulunga ndi zala, omwe Mfumukazi Elizabeth II idavala pa tsiku lolongedwa ufumu mu 1953. Wotchi ya mfumukaziyo idali ndi mivi iwiri yokha, wa maola ndi wa mphindi. Pa ntchito yoyeza mwana sikanathandiza.

Mtengo ndi kulondola kwa nthawi

Ku Switzerland kuli bungwe la COSC lomwe limayesa makina a mawotchi kwa masiku 15, ataikidwa mokhala mosiyanasiyana komanso pa kutentha kosiyanasiyana. Kuti makina aakulu apambane, sayenera kutsalira kuposa masekondi 4 kapena kutsogola kuposa masekondi 6 pa tsiku. Makina ang'onoang'ono, osapitirira mamilimita 20, amaloledwa kutsalira masekondi 5 kapena kutsogola masekondi 8. Lamulo lokhalo likuvomereza kuti makina ang'ono ndi ovuta kuwongolera. Rolex imalonjeza zoposa pamenepo, masekondi awiri okha pa tsiku.

Tsopano tione wotchi ya batire. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idayamba kugulitsa wotchi yotchedwa Astron, yoyendera kamwala ka quartz. Kamwala kotere kakalandira magetsi a batire kamanjenjemera, ndipo m'mawotchi a masiku ano kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi. Wotchi ya pulasitiki ya Casio F-91W, yomwe idatuluka mu 1989 ndipo yafala padziko lonse, imasemphana ndi nthawi yeniyeni ndi masekondi osapitirira 30 pa mwezi, pafupifupi sekondi imodzi pa tsiku. Batire yake imatha zaka pafupifupi 7, ndipo ili ndi batani loyezera masekondi. Pa kulondola kwa nthawi, wotchi yotchipayi imaposa wotchi ya sipuling'i yodula kuiposa maulendo mazanamazana.

Kubwera kwa quartz kudagwetsa makampani ambiri a ku Switzerland. Ogwira ntchito yopanga mawotchi adachepa kuchoka pa anthu pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika pafupifupi 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Omwe adapulumuka adasintha malonda awo, n'kuyamba kugulitsa luso la manja, kukongola ndi ulemu. Makina atsopano a amayiwa ndi gawo la malonda amenewo. Ndi luso lenileni, ndipo amayi okonda makina ali ndi ufulu wopatsidwa zomwe abambo akhala akupatsidwa. Koma wogula asaganize kuti akugula nthawi yolondola kuposa ya mnzake.

Mphindi imodzi ya mwana wodwala

Achipatala adayamba kale kufuna wotchi yawoyawo. Mu 1707 dokotala wa ku England, Sir John Floyer, adafalitsa njira yowerengera kugunda kwa mtsempha kwa mphindi yathunthu pogwiritsa ntchito wotchi ya muvi wa masekondi yomwe adapangitsa dala. Zaka 300 zadutsa, ndipo njira yomweyo ndi yomwe alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'zipatala za m'midzi zomwe Unduna wa Zaumoyo udayamba kukhazikitsa m'madera ovuta kufikako kuyambira 2008.

Malire omwe WHO idaika ndi awa. Mwana wosakwana miyezi iwiri akupuma mothamanga ngati wapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi. Wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ndi 50. Wa chaka chimodzi mpaka asanakwane zaka zisanu, malire ndi 40.

Kodi kulakwitsa kwa wotchi kungasinthe chiwerengerochi? Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Wotchi yotsogola masekondi 8 pa tsiku imalakwitsa ndi masekondi 0.006 pa mphindi imodzi. Ngakhale yomwe yagwidwa ndi maginito n'kumatsogola mphindi 5 pa tsiku imalakwitsa ndi masekondi 0.2 pa mphindi. Mwana wopuma ka 50 pa mphindi amatenga masekondi 1.2 kuti apume kamodzi. Choncho wotchi iliyonse yomwe ikuyenda, yodula kapena yotchipa, ndi yokwanira.

Kulakwitsa kwakukulu kumachokera kwa wowerenga. Taganizirani mwana wa miyezi 6 amene wapuma ka 13 pa masekondi 15. Wowerenga mwachidule akachulukitsa kanayi apeza 52, ndipo mwanayo alandira mankhwala a chibayo. Akaphonya kupuma kumodzi kokha n'kupeza 12, yankho likhala 48, ndipo mwanayo abwezedwa kunyumba ngati wa chimfine. Kuwonjezera apo, makanda sapuma mofanana nthawi zonse: amathamanga, n'kuima pang'ono, n'kuyambiranso. Masekondi 15 akhoza kugwera pothamanga kapena poima. N'chifukwa chake lamulo ndi mphindi yathunthu.

Njira yake ndi iyi. Mwana akhale bata pamiyendo pa mayi wake, asakulira komanso asakuyamwa. Pemphani mayi akweze malaya a mwanayo kuti mimba ndi chifuwa zioneke. Ikani wotchi pafupi ndi mimba ya mwana kuti maso anu aone zonse ziwiri osatembenuza mutu. Kukwera ndi kutsika kwa mimba ndi kupuma kumodzi. Yambani muvi wa masekondi uli pamalo oti muwakumbukira, ndipo musasiye mpaka utabwerera pomwepo. Mwana akalira kapena akagwedezeka, dikirani atonthole, muyambirenso. Chiwerengero chikafika pafupi ndi malire, kapena mwanayo akakhala wosakwana miyezi iwiri, werengani kachiwiri. Komwe kuli kachipangizo koyezera mphindi komwe UNICEF imagawa, kamene kamalira pa masekondi 30 ndi pa 60, kagwiritseni ntchito chifukwa maso anu amakhala pa mwana yekha.

Inu makolo, mwana wa chifuwa akafika kapena kupitirira malire a msinkhu wake, pitani naye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo. Amoxicillin amachiza chibayo chambiri akayambidwa msanga ndi kumwedwa masiku onse omwe mwauzidwa. Khanda losakwana miyezi iwiri lipite kuchipatala mwachangu. Zizindikiro zina sizidikira wotchi: kunsi kwa chifuwa kulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, kukanika kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kukomoka, ndi kufooka mpaka kuvuta kudzutsa. Mukaona chimodzi mwa izi, nyamukani. Katemera wa chibayo wa PCV13, yemwe dziko lino lidayamba kupereka mu Novembala 2011, amateteza ku mitundu yambiri ya tizilombo koma osati yonse, choncho ngakhale mwana wolandira katemera awerengedwe.

Posankha wotchi ya ntchito

Volontiya kapena kholo lofuna wotchi yothandiza pa zaumoyo liyang'ane zinthu zochepa. Ikhale ndi muvi wa masekondi wooneka bwino, kapena manambala osonyeza masekondi. Mawotchi ambiri okongoletsa a amayi alibe muviwu, ndipo ena nkhope yake ndi yaing'ono kwambiri, yodzaza timiyala tonyezimira, moti simungatsate muvi m'nyumba ya mdima.

Wotchi yodzikulunga yokha imaima ikakhala masiku awiri osavalidwa. Mukaivula Lachisanu madzulo, mukhoza kuipeza itaima Lolemba m'mawa. Imafunanso kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zingapo ndi mmisiri wodziwa makinawo. Zambiri zolembedwa maina a makampani otchuka zomwe zimagulitsidwa motchipa m'misika ndi zachinyengo, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti ziyenda nthawi yaitali bwanji. Ya batire imaima batire ikatha, koma ina imachenjeza: muvi wa masekondi umayamba kudumpha masekondi awiri kapena anayi nthawi imodzi. Mukaona zimenezo sinthani batire. Foni ikhoza kugwira ntchito yomweyo, bola ikhale ndi moto pa nthawi yomwe mwana wadwala, zomwe sizichitika nthawi zonse komwe magetsi ndi ovuta.

Chachiwiri ndi ukhondo. Pansi pa lamba wa wotchi pamakhala thukuta ndi tizilombo, ndipo munthu wovala wotchi amapewa kunyowetsa mkono posamba m'manja. Mu 2007 boma la Britain lidalamula ogwira ntchito m'zipatala za ku England kuti asavale kanthu kuchokera pachigongono kutsika pogwira odwala, ndipo n'chifukwa chomwechi anamwino ambiri amapachika wotchi pachifuwa itazondoka. Ife tidaona kufunika kosamba m'manja bwino pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko lino. Volontiya avule wotchi posamba m'manja ndi pogwira wodwala, aipukute ndi sipiriti, ndipo asankhe lamba wa pulasitiki kapena wa labala chifukwa wa nsalu kapena chikopa umamwa madzi. Khungu likayamba kuyabwa ndi kutuluka tiziphuphu pomwe pamakhudza chitsulo cha wotchi, kawirikawiri chimakhala chitsulo cha nickel chomwe thupi la anthu ena limadana nacho. Vulani wotchiyo, ndipo zikapanda kusintha kaonaneni ndi achipatala.

Chachitatu n'chomwe wotchi ya sipuling'i imaposera ya batire. Ilibe kabatire kozungulira ngati batani, komwe ana aang'ono amatola n'kumeza kapena kulowetsa m'mphuno ndi m'khutu. Batire yotere, makamaka ikuluikulu ya lithium ya mamilimita 20 yomwe imapezeka m'marimoti ndi m'mawotchi ena a manambala, ikakakamira kummero imayamba kuwotcha mnofu, ndipo ikhoza kuvulaza kwambiri m'maola awiri okha. Ngakhale yomwe mukuti yatha imakhala ndi mphamvu yokwanira kuvulaza. Mukasintha batire musaisiye patebulo kapena kuitaya pabwalo. Mukakayikira kuti mwana wameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti aonetse zizindikiro. Thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti wameza batire.

Makampani a ku Switzerland apitiriza kuchepetsa makina awo, ndipo chaka chilichonse pachionetsero cha Watches and Wonders ku Geneva padzatuluka ena opyapyala kuposa a chaka chatha. Kwa ife ntchito ndi yoonetsetsa kuti gulu lililonse la mavolontiya lili ndi wotchi yoyenda ya muvi wa masekondi, kuti aliyense waloweza manambala atatu aja, 60, 50 ndi 40, ndi kuti pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi anthu awiri aziwerenga mwana mmodzi nthawi imodzi n'kufananitsa zomwe apeza. Akasiyana ndi kupuma koposa kuwiri, abwereze mpaka agwirizane.